Kodi kadi langa la ma ARV amaliona ndani?

Sabata yatha ndalandira imelo ya mayi wina, akuti anadumphitsa tsiku lotenga mankhwala kenako kunabwera munthu pakhomo kudzawafunafuna, ndiye akufunsa kuti za iwo akuziona anthu angati. Mayi, kalata yanuyi yandikhudza zedi chifukwa yandikumbutsa malemu achimwene anga.

Achimwene anayamba ma ARV atayamba kale kukhala aulere, paja zaulerezi zinayamba 2004, ndipo thupi linabwerera bwinobwino mpaka anaganiza zopita ku Joni kukasaka maganyu. Sanatenge kalata ya transifa, komanso nambala ya foni yomwe anapereka kuchipatala inali yabodza, amaopa kuti anthu adziwa. Atabwerako anali atatheratu, kolala ya malaya ikuchita kulendewera pakhosi. Tsiku lomwe ndinawaperekeza adokotala anatulutsa kadi lawo, lija amati masitala kadi lomwe limatsala kuchipatala konko, ndinaona ndi maso angawa sikelo yolembedwa ulendo uliwonse, 61, 62, 62, kenako mabokosi opanda kanthu mpaka pansi. Anati tinaimba foni koma sinkapezeka. Sitinathe nawo miyezi itatu.

Ndiye ine ukandiuza kuti kulondola anthu ndi ukazitape sindingavomere ayi. A Unduna wa Zaumoyo amayendera zipatala za ma ARV miyezi itatu iliyonse, kuwerenga kuti angati akumwa, angati asiya, angati amwalira, angati viral load yawo (kuchuluka kwa kachilombo ka HIV m'magazi) yadutsa 1,000, ndipo manambala omwewo ndi amene amaoneratu kuti mankhwala atumize ochuluka bwanji kuti musakabwerere chimanjamanja. Malipoti a kuwerengaku omwe amapita ku Lilongwe amakhala a ziwerengero, osati mayina. Pamene mu 2011 dziko lino limayambitsa Option B+ yoti amayi oyembekezera omwe ali ndi HIV aziyamba mankhwala pompopompo, kuwerenga komweku ndi kumene kunaonetsa kuti ena amalandira botolo loyamba osabweranso.

Koma chomwe chimandinyansa, ndipo apa ndili nanu mayi, ndi kabweredwe. Munthu kufika masana dzuwa lili pamutu, faelo m'manja, kumafunsa kwa aneba kuti kwa auje ndi pati, zimenezo ndi zolakwika basi. Mudzi wonse umadziwa kusanade, ndipo ndi mantha omwewa amene anapangitsa achimwene kulemba nambala yabodza. Lamulo la HIV ndi Edzi la 2018 limaletsa kuulula za munthu iye asanalole.

Ndiye mutani?

Pitani mukatenge mankhwala mawa lomwe, musadikire. Mukawauze poyera kuti kunyumba ayi, aziimba foni basi, ndipo muwapatse nambala yeniyeni. Ngati vuto ndi thiransipoti funsani za mankhwala a miyezi 6, amapereka kwa amene viral load yawo ili bwino.