Nyumba ya m'malire mwa madera awiri: onani izi musanapereke ndalama

Achemwali, mwafunsa ngati nyumba mwaipezayo ilidi m'dera limene ejenti akunena kapena m'dera loyandikana nalo, mwafunsanso za sukulu ndi za bata. Za sukulu ayankhe ena. Ine ndiyankha za malirezo, chifukwa ambiri amapusitsidwira pomwepo.

Dzina limene mwawerenga pa chilengezo musalidalire. Madera awiri akayandikana, lina lotchuka lina wamba, dzina la lotchukalo limangotambasuka chaka ndi chaka. Lero ejenti alemba kuti "pafupi ndi", mawa "kuseri kwa", mkuja mawu amenewo achotsa, nyumba yalowa m'dera lomwe siili, lendi nayo yakwera. Google Maps sikuthandizani kwenikweni pa nkhaniyi, chifukwa amabizinesi amadzilembera okha adiresi ndipo aliyense amasankha dzina lokoma. Pemphani mwininyumba nambala ya ploti, muione ndi maso pa chikalata cha malowo kapena pa bilu ya madzi, mupite nayo ku khonsolo kwa oona za mapu. Akuuzani dera lenileni, komanso ngati plotiyo sinalowe m'malo osungira msewu kapena m'mbali mwa mtsinje momwe saloleza kumanga. Mwininyumba akayamba kuzembazemba pa nambala ya ploti, ndalama zanu zikhale kaye m'thumba.

Koma chimene chidzakuvutitseni kapena kukusangalatsani tsiku ndi tsiku si dzina ayi. Malire a madera ambiri amatsata mtsinje, dambo kapena msewu waukulu, ndiye nyumba ya m'malire kawirikawiri imakhala kumunsi, komwe madzi a madera onse awiri amatsetserekera. Apa ndiye ndikukuchenjezani kwambiri. M'chilimwe nyumba yotere imaoneka bwinobwino, penti watsopano, bwalo losesedwa. Weramani muone khoma pansi penipeni, kuchokera pa simenti kukwera masentimita 30 mpaka 50. Mukaona penti wotupa, zoyera ngati mchere, pulasitala woti mukakanda ndi chikhadabo akugumuka, dziwani kuti chinyezi chimakwera kuchokera m'nthaka ndipo penti sangachithetse. Tsegulani kabati ya kukhoma mununkhize. Zungulirani kuseri, muone ngati mpanda wapendekeka, ngati pa chitseko anamangapo kakhoma kotchinga madzi, ndi ngati ngalande ya pamsewu ili pamwamba kuposa khonde. Kakhoma ka pachitseko kaja sanamangire kukongoletsa, madzi analowapo. Malo otere thanki ya zonyansa imadzaza msanga mvula ikalimbika, chifukwa nthaka yakhuta kale madzi, ndiye chimbudzi chimayamba kubweza. Ngati pali chitsime, yezani mtunda wochokera ku chimbudzi chokumba, chanu ndi cha aneba omwe: usachepere mamita 30, ndipo chimbudzicho chisakhale kumtunda kwa chitsime.

Nyumba ikakhala kumtunda vuto limatembenuka. Mphamvu ya madzi a m'mipope imatsika pafupifupi bar imodzi (bar ndi muyeso wa mphamvu imene madzi amakankha nayo mu mpope) pa mamita 10 aliwonse amene mwakwera, n'chifukwa chake nyumba ziwiri za msewu umodzi ina imasamba pa shawa ina imatunga usiku. Pitani 6 koloko m'mawa, nthawi imene aliyense watsegula mpope, mutenge ndowa ya malita 20. Mpope wabwino umadzaza ndowayo m'mphindi ziwiri kapena kuposerapo pang'ono. Ikatha mphindi zisanu isanadzaze, muwerengeretu za kugula thanki. Onaninso kwa aneba: khomo lililonse likakhala ndi migolo ndi zigubu pabwalo, musavutikenso kufunsa.

Magetsi nawo satsata dzina la dera, amatsata thiransifoma. Nyumba ya kumapeto kwa waya imalandira mphamvu yochepa madzulo. Yatsani nyale cha m'ma 7 koloko usiku, kenako muyatse kuka kapena ketulo. Nyale ikafooka kwambiri, firiji yanu idzavutika.

Amene ayankha kuti dera linalo "n'la akuba okhaokha" sanakuthandizeni, ndipo ndikukayika ngati anayendako. Dera silikhala ndi khalidwe limodzi kuyambira uku mpaka uko, bata limasiyana msewu ndi msewu. Chofunika kudziwa n'chakuti anthu odutsa kuchokera dera lina kupita linalo amadzera pati. Nyumba yoyang'anana ndi kamlatho ka oyenda pansi kapena njira yachidule imadutsidwa ndi anthu usana ndi usiku, pomwe ya mizere iwiri yokha kulowa mkati ili zii. Malo omwera mowa, ochitira maphwando ndi okonzera magalimoto amakondanso kumera m'mphepete mwa msewu wa m'malire, ndipo Lachiwiri masana simungawamve. Bwereraniko Lachisanu kapena Loweruka cha m'ma 9 koloko usiku, muime pabwalo mphindi khumi mukumvetsera.

Mtunda muuyende ndi miyendo yanu. Kilomita imodzi munthu amayenda mphindi 12 mpaka 15, ndiye "mphindi zisanu kukafika pa siteji" za ejenti muziyese ndi wotchi, muonenso pomwe phula lathera. Funsani wogulitsa pakagolosale kapafupi ngati galimoto zimafika pakhomopo mvula ikagwa, ndi ngati galimoto yotenga zinyalala imalowa mumsewuwo kapena imabwerera pamalire. Mwininyumba sangakuuzeni zimenezo.

Mukaganiza zolowa, tsiku lolandira makiyi jambulani mita ya madzi ndi ya magetsi manambala akuoneka bwino, mujambulenso makoma aja pansi, mutumize zithunzizo kwa mwininyumba pa WhatsApp tsiku lomwelo. Potuluka asadzakudulireni dipoziti chifukwa cha chinyezi chimene munachipeza kale.