Kwa mayi a ku Nchalo ofuna kukaphunzira zamalamulo ali ndi ana atatu

Mayi ena a ku Nchalo andilembera imelo yomwe ndaiwerenga katatu ndisanayambe kuiyankha. Ali ndi zaka 38, ana atatu ndi digiri ya zauphunzitsi, ndipo akufunsa ngati sukulu ya zamalamulo ingawatenge pa msinkhu umenewu, komanso ngati angazolowerane ndi anyamata ndi atsikana ofanana zaka ndi ana amene iwo amawaphunzitsa ku sekondale. Mayi anzanga, kalata yanu yandigwira pabala, chifukwa mafunso amenewa ndi omwenso ine ndinkagona nawo mu 2013, ndipo lero ndimaona kuti funso lofunika koposa sindidadzifunse.

Ine ndidagwira ntchito ya ukalaliki ndi kumasulira pa bwalo lina la milandu m'chigwa chathu chino kwa zaka 11. Womasulira amakhala pakati pa woweruza ndi munthu wa kumudzi, ndipo lamulo lake n'lakuti asaonjezere kapena kuchotsera pa zimene wamva. Tsiku lina padabwera mayi wamasiye wa chakufupi ndi Ngabu, amene alamu ake adamutengera ng'ombe zisanu ndi ngolo maliro a mwamuna wake atangotha. Alamuwo adali ndi loya wochokera ku Blantyre, pamene mayiyo adabwera ndi mchemwali wake basi. Loyayo adafunsa ngati mayiyo ali ndi pepala lililonse losonyeza kuti ng'ombezo n'zake, iye n'kuyankha m'Chisena kuti, "Nkhabe." Ine ndidatembenuka n'kupereka liwu limodzi lomwelo m'Chingerezi, koma ndinkadziwa bwino lomwe kuti kuseri kwa "nkhabe" ameneyo kudali zaka zambiri za kupalira thonje padzuwa la m'chigwa, thonje lomwe ndalama zake zidagula ng'ombe yoyamba. Palibe adamufunsa za thonjelo, ndipo ine ndidalibe chilolezo chomufunsa. Apa n'kuti lamulo la chuma cha masiye la 2011, lomwe lidaika mkazi ndi ana patsogolo komanso kuletsa kulanda chuma cha masiye, lisanabwere. Madzulo a tsiku limenelo ndidauza bambo a kunyumba kuti ndatopa kukhala pakamwa pa anthu ena, ndikufuna ndikhale wofunsa mafunso.

Ndidayamba ndi dipuloma ya zamalamulo, kenaka mu 2013 ndidatengedwa kukachita digiri ndili ndi zaka 37. Ana anga adali a zaka 11, 7 ndi 2.

Za kuzolowerana ndi achinyamata ndikuuzani zoona zake, kuti masabata oyamba adali owawa. Tsiku lolembetsa, mnyamata wina adandifunsa mwaulemu ndithu ngati ndaperekeza mwana wanga, ndipo kuyambira pamenepo dzina langa lidangokhala "Anti". Mesho wanga adali wa zaka 19, amene ankawerenga kwinaku nyimbo zikulira m'makutu, pamene ine ndimafuna bata ngati la m'tchalitchi. Kuzizira kwa kumtunda kudandilowa m'mafupa, poti munthu wokulira ku Bangula sadziwa kugona ndi mabulangeti awiri. Ndikamayankhula ndi ana pafoni m'Chisena, ena ankatsinana n'kumaseka, ndipo ndidapeza achinyamata awiri a kwathu konkuno amene ankabisa kuti ndi Asena mpaka atamva ine ndikuyankhula mosabisa. Koma chimene chidandichititsa manyazi koposa sichidachokere kwa anawo. Mayeso anga oyamba ndidalephera, ine amene ndidakhala m'khoti zaka 11, chifukwa ndidayankha ngati munthu wodziwa mmene milandu imathera, osati ngati wophunzira wosonyeza gawo la lamulo ndi chigamulo chakale chimene yankho lake latsamira. Mphunzitsi adangolemba pansi pa pepala langa kuti akufuna gwero, osati zimene ndidaona kuntchito. Limeneli ndi dzenje limene ambiri olowa atakula amagweramo, ndipo inu monga mphunzitsi wozolowera kuima kutsogolo muyenera kukonzekera kukhala pabenchi n'kuwongoleredwa ndi munthu amene mwina ndi mng'ono wanu.

Zinthu zidatembenuka pamene tidayamba kuphunzira kayendetsedwe ka milandu. Anzanga ankaloweza kuti gawo 42 la malamulo aakulu a dziko limafuna kuti womangidwa afikitsidwe kubwalo pasanathe maola 48, koma sadaonepo chikalata cha belo kapena kaundula wa milandu, ndipo sankadziwa chimene chimachitika munthu akamangidwa Lachisanu madzulo kudera lakutali. Adayamba kubwera kuchipinda kwathu usiku kudzafunsa, iwo n'kumandiphunzitsa kufufuza zigamulo pa kompyuta. Pofika teremu yachiwiri ndidali m'gulu lowerengera limodzi la anthu asanu, ndipo "Anti" lija lidasanduka dzina laulemu. Nkhawa yanu ya kuzolowerana, mayi, idzatha yokha pakangodutsa miyezi itatu kapena inayi, malinga musakayese kuvala ndi kuyankhula ngati iwo, ndiponso musakasanduke mayi wa kalasi wowalangiza za makhalidwe pamene iwo sadakupempheni.

Chimene sichidathe chokha ndi cha kunyumba. Pochoka ndidauza aliyense kuti ana ndawasiya ndi bambo awo, ndipo anthu ankatiyamikira, ine kuti ndine wolimba mtima, iwo kuti ndi mwamuna womvetsa. Ndi omvetsadi, koma ankalawira kuntchito m'mamawa n'kubwera dzuwa litalowa. Amene ankapita kumjigo, kusonkha moto, kusambitsa wamng'ono ndi kumugoneka akamalira usiku adali mwana wanga woyamba, mtsikana wa zaka 11, amene palibe adamuitana kuti amufunse maganizo ake pamene ife akuluakulu tinkakambirana za fizi ndi za ulendo.

Mu Januwale 2015 ndidali m'chaka chachiwiri, ndipo usiku umene foni idalira n'kuti ndikuwerenga mlandu wotchuka wa Donoghue ndi Stevenson wa 1932, wa mayi wa ku Scotland amene adadandaula kuti adapeza nkhono yowola m'botolo la chakumwa. Mlandu umenewu ndiwo maziko a lamulo la kusasamala, ndipo timauphunzira kuno chifukwa malamulo a ku England adalandiridwa m'dziko muno kuyambira pa 11 Ogasiti 1902. Ndidali nditalemba mizere itatu yokha m'kope pamene bambo a ana adandiuza kuti madzi alowa m'nyumba ndipo akuthawira kusukulu ya kumtunda. Ndinkamva mkokomo wa mvula ndi kulira kwa anthu kuseri kwa mawu awo, kenaka foni idaduka, osapezekanso kwa masiku awiri. Pa 13 Januwale Pulezidenti Peter Mutharika adalengeza kuti maboma 15 ali pangozi, anthu a ku Makhanga n'kuti atazingidwa ndi madzi mbali zonse. Nditakwanitsa kutsika chitunda cha Chikwawa, kuwoloka mlatho wa Kamuzu n'kufika kwathu, ndidapeza banja langa m'kalasi momwe mudadzaza mabanja ena, ndipo amayi oyandikana nafe adandiuza kuti mtsikana wanga ndiye adabereka wamng'ono kumsana, madzi akulekeza m'chiuno, dzanja lina atagwira mlongo wake. Makope ake onse a Sitandade 8 adapita ndi madzi. Iye sadadandaule, adangondifunsa kuti ndibwerera liti kusukulu, kuti adziwe mmene agawire ufa umene tidalandira. Chaka chimenecho sadasankhidwe kupita ku sekondale ndipo adabwereza kalasi, pamene ine ndidakhoza mayeso anga onse.

N'chifukwa chake mtima umandiwawa ndikamamva nkhani za amayi amene akuti adakwanitsa zonse, sukulu, ana ndi banja lomwe. Palibe amene amakwanitsa zonse. Pali munthu wina amene amasenza mtolo umene mayiyo watula, ndipo m'midzi yathu munthu ameneyo kawirikawiri amakhala mwana wamkazi woyamba, kapena kamtsikana kachibale kotengedwa kumudzi ndi lonjezo la sukulu lomwe silikwaniritsidwa. Ife tomwe tikaphunzira lamulo la ukwati la 2015 ndi kusintha kwa malamulo aakulu kwa 2017 komwe kudati mwana ndi aliyense wosakwana zaka 18, sitiyenera kukhala oyamba kusandutsa mwana kukhala mayi wa pakhomo kuti ife tivale mkanjo.

Komatu musamve ngati ndikuti mudikire ana akule. Uphungu umenewo ndimaukana ndi mtima wanga wonse, chifukwa umaperekedwa kwa amayi okha, ndipo sindidamvepo bambo wopita kusukulu akufunsidwa kuti ana awasiyira yani. Ana akakula pamabwera fizi ya sekondale, ikatha imeneyo pamabwera matenda a makolo, kenaka zidzukulu, ndipo maso amayamba kuchita chidima pa zilembo zing'onozing'ono za mabuku a zigamulo. Uloya m'dziko muno udayamba ndi anthu olowa atakula. Orton Chirwa, wobadwa mu 1919, adali mphunzitsi ngati inu ndipo adavomerezedwa kukhala loya ku London mu 1958 ali ndi zaka 39. Akazi awo, Vera Chirwa, amene ndi mayi woyamba wa ku Malawi kukhala loya, adafika pamenepo mu 1966 ali kale pabanja ndi ana. Tsono amene angakuuzeni kuti zaka 38 n'zochedwa sakudziwa mbiri ya ntchito imeneyi.

Ndiponso chigwa chathu chikusowa anthu onga inu. Maloya ambiri ali ku Blantyre, Lilongwe, Zomba ndi Mzuzu, ndipo munthu wa ku Marka kapena ku Chapananga amayenera kugulitsa mbuzi kuti angopeza ndalama ya ulendo wokaonana nawo. Chonsecho nkhani za malo kuno sizitha: malire a minda ya nzimbe, mabanja osamutsidwa madzi akasefukira monga zidachitikanso ndi namondwe Ana mu 2022 ndi Freddy mu 2023, kulembetsa malo a makolo potsatira lamulo la 2016, komanso kuphatikiza minda m'mbali mwa ngalande yaikulu ya ulimi wothirira yochokera ku Kapichira. Zonsezi zimafuna munthu womva Chisena ndi Chimang'anja popanda womasulira, wodziwa kusiyana kwa banja la lobola ndi la chikamwini, amene angafunse mayi wamasiye funso la thonje lija.

Za kalowedwe

Ku Yunivesite ya Malawi ku Zomba, komwe maphunziro a zamalamulo adasamukira mu 1973 kuchokera ku Mpemba, mwambo wake ndi wakuti satenga munthu wongochoka ku Fomu 4, koma amene wamaliza bwino chaka chimodzi cha kuyunivesite kapena ali kale ndi digiri, ndipo ofunsira amasefedwa ndi mayeso olowera. Digiriyo ndi ya zaka zinayi. Digiri yanu ya zauphunzitsi ikukuikani pabwino, koma mudikire chilengezo cha chaka chimenecho n'kuwerenga zofunikira zake mzere ndi mzere. Yunivesite ya Katolika ku Nguludi nayonso imaphunzitsa zamalamulo. Kulikonse kumene mungasankhe, musanalipire tambala mufunse ku NCHE, bungwe loyang'anira maphunziro a m'mayunivesite, ndi ku Council of Legal Education, bungwe loyang'anira maphunziro a zamalamulo, ngati maphunzirowo ndi ovomerezeka, ndipo mufunsenso ngati mukamaliza mudzayenera kudzera ku Malawi Institute of Legal Education musanaloledwe kuimira anthu pamilandu, chifukwa nthawi ndi ndalama za kumeneko ziyenera kulowa m'chiwerengero chanu. Pokonzekera mayeso muziwerenga nyuzi za Chingerezi tsiku lililonse ndi kudzizoloweza kulemba mfundo mwachidule nthawi ikuthamanga. Tchuthi cha maphunziro kuntchito kwanu muchipemphe polemba kalata ndipo yankho lake mulisunge, osadalira mawu apakamwa.

Koma fomu isanalembedwe, khalani pamphasa ndi bambo a kunyumba pamodzi ndi ana, mutchule ntchito iliyonse ya pakhomo ndi dzina la munthu wamkulu amene adzaigwire: wophika, wotunga madzi, wopita ndi mwana kuchipatala malungo akabwera usiku, ndiponso kumene banja lidzathawire mvula ya Januwale ikakula. Ngati pafunika wantchito, malipiro ake muwawerengere pamodzi ndi fizi, ndipo akhale munthu wamkulu. Ngati ndalama sizikukwana pa zimenezi, kuchedwa chaka chimodzi mukusonkha n'kwabwino kusiyana ndi kuchita zimene ndidachita ine. Mtsikana wanga uja adakhoza pobwereza ndipo lero ali ku koleji, koma chaka chathachi, tikusenda chimanga pakhonde, adandiuza kuti mpaka pano sagona mvula ikamagwa usiku.

M'kalata yanu mwatchula zaka zanu, digiri yanu ndi mantha anu, koma simudanene kuti woyamba wanu ndi mnyamata kapena mtsikana, ndiponso kuti ali kalasi yanji. Mundilemberenso mundiuze zimenezo, kuti tiwerengere limodzi chaka chimene mungalowe chisadzagundane ndi mayeso ake.