Chaja ya galimoto yamagetsi pakhomo: isiyeni soketi ya pabalaza

Achimwene a ku Ntcheu, mwati mwatopa kugona pamzere wa mafuta, mwaitanitsa galimoto yamagetsi ya Nissan Leaf ku Japan, ndiye mukufunsa ngati mungamaichaje pa soketi ya pabalaza ndi ekisitenshoni. Nditangowerenga mtima unandipweteka.

Mchemwali wanga anali ndi kagolosale kuno ku Dedza. Kuzizira kwa mu Juni mukukudziwa. Mlonda ankayatsa hita usiku pa soketi imene anaika mnyamata wina wophunzira zamagetsi pongoonerera anzake, waya wake woonda wa mababu. M'mamawa wina tinapeza soketi itasungunuka, pulasitiki yakuda itatsetserekera pakhoma, shelefu ya shuga ndi sopo ili makala okhaokha. Mchemwali wangayo anakatenga ngongole ku banki m'khonde kuti ayambirenso, ndipo inamuvuta kubweza. Hita imeneyo inkakoka pafupifupi 2 kW. Leaf yanu idzakoka chimodzimodzi kapena kuposa, osapuma, chifukwa batire ya 24 kWh pa soketi wamba imafuna maola 10 ndi kupitirira kuti idzaze. Inu muli mtulo, ana ali mtulo.

Nchifukwa chake anthu a "bola zikuyaka" sindimvana nawo ngakhale pang'ono. Soketi zathu za mapini atatu zimalekera pa 13A (mlingo wa magetsi amene zingapirire), ndipo zambiri za pamsika sizifikako n'komwe.

Galimotoyo sindikuikana ayi, inenso ndimaisirira. Magetsi athu ambiri amachokera mu Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, komanso kwathu kuno ku Golomoti kuli sola ya 20 MW yokhala ndi mabatire. Kuyendera zimenezi kuposa petulo wogula ndi madola ndi nzeru. Koma tonse tikukumbukira mdima wa 2022 namondwe Ana ataononga Kapichira, choncho muzichaja magetsi akangobwera, osadikira batire ithe.

Chochita

Itanani wazamagetsi wokhala ndi chilolezo cha MERA, bungwe loyang'anira zamagetsi ndi mafuta. Akoke waya wonenepa wa chaja yokhayo kuchokera pa bolodi yogawa magetsi m'nyumba, aike breaker yake, RCD (chipangizo chodula magetsi msanga akayamba kuthawira posayenera), earth (waya wopita pansi) yabwino, ndi chotchinjiriza mphezi poti dzinja la kuno silisewera. Ma Leaf akale ambiri amalandira pafupifupi 3 kW basi, ndiye chaja ya 16A ya pulagi ya Type 1 (mtundu wolowa m'ma Leaf a ku Japan) ikukwanirani. Mukafuna ya 32A, yambani mwafunsa a ESCOM ngati layini yanu ingakwanitse. Chingwe chobwera ndi galimoto za ku Japan chinapangidwira 200V pomwe kuno tili pa 230V, musachilumikize wazamagetsiyo asanachione.