Kabokosi ka mafunso mu macro ya ImageJ: mufunse kamodzi, zithunzi zisanatsegulidwe

Achemwali ena andilembera imelo. Akuwerenga maselo pa zithunzi za maikulosikopu pogwiritsa ntchito Fiji (mtundu wa ImageJ, pulogalamu yoyezera zinthu pa zithunzi), macro yawo (mndandanda wa malamulo amene pulogalamuyo imatsatira yokha) ikuyenda bwino, ndipo akufuna kabokosi koti kazitulukira pa chithunzi chilichonse kuti munthu azisankha yekha threshold (malire a kuwala olekanitsa selo ndi kumbuyo kwake) ndi kukula kwa selo. Akufunsa kuti kabokosi kameneko kamalembedwa bwanji. Ndikuyankhani achemwali, koma mawu anu oti "pa chithunzi chilichonse" andikhudza kwambiri, ndiye mundilole ndiyambire pamenepo.

Mu labotale ina imene ndinagwirako ntchito munali macro yotere. Anailemba mnyamata wina waluso komanso wokoma mtima, amene ankafuna kuti aliyense azimasuka nayo. Ntchito yake inali kuwerenga ma nucleus (mitima ya maselo) opakidwa utoto wa DAPI, aja amawala buluu pamdima. Chithunzi chikatseguka, kabokosi kankabwera ndi slider, munthu n'kukoka mpaka atakhutira, n'kudina OK, china n'kutseguka. Tonse tinkaikonda chifukwa inkaoneka yomvera.

Tsiku lina ndinakhala pambali pa wophunzira wina akugwira ntchitoyo. Pa sikirini panali ma nucleus ataphimbidwa ndi kufiira kuja kumene ImageJ imaika pa zonse zomwe threshold yatenga. Iye ankakoka slider pang'ono kumanzere, kufiira n'kufalikira mpaka timadontho tozimiririka tam'mphepete n'kulowa m'gulu. Akabweza kumanja, timadonthoto n'kusowa. Pamwamba pa windo panali dzina la fayilo, ndipo dzinalo linkanena poyera kuti maselo awa ndi opatsidwa mankhwala kapena ayi. Pa opatsidwa mankhwala dzanja lake linkaima msanga, pa enawo linkapitirira pang'ono. Mtsikana ameneyu sankabera. Anali woona mtima kuposa ambiri a ife, ndipo mukanamufunsa akanalumbira kuti zithunzi zonse amazichitira chimodzimodzi. Kungoti ankadziwa zimene kafukufuku wake akuyembekezera, ndipo diso la munthu limatsatira zomwe mtima ukufuna mwini wake osazindikira.

Zinaululika pamene mnzake anawerenganso zithunzi zomwezo n'kupeza manambala osiyana kutalitali. Mkulu wa kafukufuku anafunsa funso limodzi lokha, loti threshold inali chani. Tonse tinangoti kakasi. Macro inkasunga chiwerengero cha maselo koma sinkasunga nambala imene munthu wasankha pa slider, moti panalibe njira yobwerera kuti tione chinachitika n'chiyani pa chithunzi chakutichakuti. Wophunzira uja anayambiranso ntchito imene ankaganiza kuti yatha, nthawi yopereka pepala lake ili pafupi. Nkhope yake ya tsiku limenelo sindiiwala, ndipo chimene chimandipweteka mpaka pano n'choti mlandu unagwera iye pamene vuto linali m'kapangidwe ka chida chimene anapatsidwa.

N'chifukwa chake ndimaumirira kuti kabokosi ka mafunso si kokongoletsa macro. Funso lililonse limene mwaikamo ndi chilolezo chimene mwapereka choti munthu asinthe zotsatira. Mukaika funsolo mkati mwa loop, gawo la macro limene limabwerezedwa pa chithunzi chilichonse, chilolezocho mwachipereka kambirimbiri, ndipo kuyeza kwanu kwafanana ndi kuyeza nsalu ndi chingwe chotamuka. Ine ndafika poti slider ya threshold yotulukira pa chithunzi chilichonse sindiivomereza n'komwe pa ntchito yoyerekeza magulu awiri. Ena amati ndikukhwimitsa zinthu. Ndikhwimitsadi, chifukwa amene amavutika pamapeto ndi wophunzira, osati wolemba macro.

Ndikudziwa chomwe muyankhe: zithunzi zanu sizowala mofanana, zina zatuwa, zina zili ndi mbali imodzi yowala kwambiri, ndiye nambala imodzi singagwire ponse. Zoona. Koma mankhwala ake si dzanja la munthu. Kuwala kosagwirizana kwa kumbuyo kumachotsedwa ndi Subtract Background, ija imagwiritsa ntchito njira ya rolling ball imene Stanley Sternberg anafotokoza mu 1983. Ndipo m'malo mwa nambala yokhazikika mungasankhe njira yowerengera threshold kuchokera pa histogram ya chithunzicho (chiwerengero cha ma pixel pa mlingo uliwonse wa kuwala), monga ya Nobuyuki Otsu ya 1979, imene imagawa ma pixel m'magulu awiri pamalo pomwe maguluwo asiyana kwambiri. Nambala imasintha pa chithunzi chilichonse, koma lamulo losankhira nambalayo ndi limodzi, ndipo lamulolo silidziwa kuti maselo awa analandira mankhwala. Ngati zithunzi zasiyana kwambiri moti ngakhale zimenezi zikukanika, bwererani ku maikulosikopu mukaone ngati nthawi yojambulira ndi mphamvu ya kuwala zinali zofanana. Macro singakonze zomwe zinalakwika pojambula.

Pena ndimaganiza kuti kuphweka kwa ImageJ n'komwe kumatikola. Wayne Rasband anaitulutsa mu 1997 ali ku National Institutes of Health ku America, kulowa m'malo mwa NIH Image imene inkayenda pa Macintosh, ndipo anaisiya yaulere kwa aliyense. Chinenero chake cha macro anachipanga choti katswiri wa zamoyo amene sanaphunzire kulemba mapulogalamu athe kuchigwira. Mumatsegula Recorder pansi pa Plugins ndi Macros, mumadina zomwe mumadina masiku onse, mizere n'kumadzilemba yokha. Ndi mphatso yaikulu, ndipo ine ndimaiyamikira. Koma Recorder imalemba manambala a tsiku limenelo mkati mwenimweni mwa mizere, ndipo munthu akaona kuti manambalawo sakugwira pa zithunzi zina, maganizo oyamba amakhala oti chilichonse achisandutse funso. Ndaonapo kabokosi kotalika mpaka batani la OK kubisika pansi pa sikirini ya laputopu. Kabokosi kotero anthu sawerenga. Amangodina OK, kapena amasintha chinthu chomwe sakuchimvetsa kenako n'kuiwala kuti anasintha.

Palinso nkhani ya miyeso imene anthu amaidumpha. Mukafunsa "kukula kwa selo" osanena kuti m'chiyani, wina alemba poganiza ma pixel, wina poganiza ma micron. Analyze Particles imatenga nambalayo molingana ndi sikelo ya chithunzi: ngati chithunzi chili ndi sikelo, 30 ndi ma square micron, ngati chilibe, 30 ndi ma pixel, ndipo macro imangopitirira osadandaula. Chimodzimodzi threshold yolemba pamanja. Pa chithunzi cha 8-bit manambala amayambira 0 kulekeza 255, pa cha 16-bit amafika 65535, ndiye 120 amene akugwira apa sakutanthauza kanthu uko. Lembani muyeso pambali pa bokosi, ndipo macro iziyamba yaona sikelo ndi getPixelSize isanawerenge chilichonse.

Sindikunena kuti munthu asalowererepo konse. Pali zinthu zimene diso lokha ndi limene lingachite, monga kujambula malire a mbali ya minofu imene mukufuna kuyeza. Pamenepo waitForUser ndi yoyenera, chifukwa imaimitsa macro koma chithunzi chimakhala chogwirika. Kabokosi wamba ka Dialog.create kamatseka zonse mpaka mutayankha, pomwe ka Dialog.createNonBlocking kamakulolani kugwira chithunzi kali chitsegukire. Koma ngati mwafika pololeza dzanja la munthu, bisani mayina a mafayilo. Akopereni mu foda ina ndi mayina a manambala osakanizika, mndandanda wolumikiza mayinawo ausunge munthu wina.

Kabokosi kenikeniko

Ikani mizere iyi pamwamba, loop isanayambe:

Dialog.create("Kuwerenga maselo");
Dialog.addChoice("Njira ya threshold", newArray("Otsu", "Li", "Triangle"), "Otsu");
Dialog.addNumber("Selo laling'ono kwambiri", 30, 1, 6, "um^2");
Dialog.addCheckbox("Sungani zithunzi zoonetsa malire", true);
Dialog.show();
njira = Dialog.getChoice();
kukula = Dialog.getNumber();
sunga = Dialog.getCheckbox();
if (isNaN(kukula) || kukula <= 0) exit("Kukula kwa selo kukhale nambala yoposa 0.");

Chomwe chimapunthwitsa ambiri n'choti ma get satchula dzina la bokosi. Amatenga mayankho motsatana ndi mmene munaikira ma add a mtundu umenewo. Mukadzawonjezera addNumber ina pakati koma getNumber yake n'kuiika kumapeto, manambala amasinthana malo mwakachetechete, kukula kwa selo n'kukhala radius ya rolling ball. Muzilemba ma get mu dongosolo lomwelo la ma add. Munthu akasiya bokosi lopanda kanthu kapena akalembamo zilembo, mumalandira NaN, kutanthauza kuti si nambala, n'chifukwa chake pali mzere womalizawo. Akadina Cancel macro imaima yokha, simufunika kulembapo kanthu.

Mkati mwa loop mungolemba setAutoThreshold(njira + " dark"), ngati maselo ali owala pamdima, kenako run("Analyze Particles...", "size=" + kukula + "-Infinity display summarize");. Onetsetsani kuti dzina la variable lili kunja kwa zizindikiro za mawu ogwidwa, apo ayi ImageJ ilandira liwu loti kukula m'malo mwa nambala. Adiresi ya fayilo (path) yokhala ndi mipata muziikuta ndi [ ndi ] mukamaipereka ku run.

Popeza muli pa Fiji, palinso njira yachidule ya mizere yoyamba ndi #@, monga #@ File (style="directory") foda, imene imadzipangira yokha kabokosi ndipo imagwiranso ntchito pa kompyuta yopanda sikirini. Ndimaikonda, koma chenjerani nayo: imakumbukira zomwe munthu analemba ulendo wapitawo, moti pa kompyuta yogwiritsa ntchito anthu ambiri mungayambe ndi nambala ya mnzanu mukuganiza kuti ndi yanu. Mukaika persist=false khalidwe limenelo limatha.

Chomaliza ndi chimene labotale ija inalibe. Dialog.show ikangodutsa, lembani mayankho onse mu fayilo yaing'ono ya mawu ndi File.saveString, pamodzi ndi zomwe getVersion yabweza, muisunge mu foda yomweyo ya zotsatira. Mkati mwa loop itanani getThreshold(pansi, pamwamba) ndipo manambala awiriwo muwawonjezere mu fayiloyo ndi File.append pambali pa dzina la chithunzi. Yambani mwayesa njira zitatu zija pa zithunzi zochepa za magulu onse awiri, musankhe imodzi musanaone chiwerengero chilichonse, kenako muyendetse foda yonse. Mukaona kuti njira imene mwasankhayo ikulumikiza ma nucleus oyandikana kukhala amodzi, ndilembereninso, tikambirane za Watershed, njira yolekanitsa zinthu zogundana.