Bwanji khonsolo ikukokana ndi kampani pa za ambulansi? Yankho kwa achemwali a ku San Diego

Achemwali, mwafunsa kuti zikutheka bwanji khonsolo ya mzinda kumakokanakokana ndi kampani pa nkhani ya ambulansi, pomwe inu mumayesa kuti mukaimba 911, nambala ya pangozi, amene amabwera ndi a boma. Mwafunsanso za bilu imene imabwera munthu akanyamulidwa pa ambulansi. Kwathu tinazolowera kuti ambulansi ndi ya chipatala cha boma. Kuno ku America mizinda yambiri imapereka ntchitoyi kwa kampani pa kontrakiti, ndipo San Diego wanuyo wadutsa momwemo posachedwapa.

Ndalama zambiri za ambulansi sizithera pa ulendo wopita kuchipatala ayi, zimathera podikira. Galimoto ili chiimire pakona usiku wonse, anthu awiri ali mkati, malipiro akuwerengeka, wodwala apezeke kapena asapezeke. Zili ngati mlonda: mumamulipira ngakhale wakuba sanabwere. Koma inshulansi kawirikawiri imalipira pokhapokha wodwala atanyamulidwa. Medicare ndi Medi-Cal, inshulansi za boma za okalamba ndi osauka, zili ndi mitengo yakeyake yotsika, ena alibe inshulansi n'komwe. Ndiye mkangano wonse wagona apa: maola odikirawo alipira ndani?

Kale ku San Diego ntchitoyi inali m'manja mwa kampani ya ambulansi yotchedwa AMR. Mu 2021 khonsolo inasankha Falck, kampani ya ku Denmark, imene inalonjeza maola 1,008 pa tsiku, kuphatikiza a ambulansi zonse, pomwe AMR inkapereka 840. Falck inayamba ntchito mu November chaka chomwecho. Pa dongosolo limenelo kampani inkatolera yokha ndalama kwa odwala ndi kwa a inshulansi, choncho phindu linali lake, kuluza kunalinso kwake. Makhansala amakonda zoterezi chifukwa pa bajeti zimaoneka ngati zaulere. Koma nthawi imeneyo, mliri wa Covid utangovuta, ma paramedic, anthu othandiza odwala mu ambulansi, anali osowa dziko lonse. Falck inalephera kukwanitsa maola aja, mzinda n'kuilipiritsa chindapusa.

Ine chindapusa sindichikhulupirira kwenikweni. Ngati kulemba anthu ena ntchito kuli kodula kuposa chindapusacho, kampani iliyonse yodziwa masamu idzangolipira n'kupitiriza momwemo. Ndipo ndalama ya chindapusa siyendetsa ambulansi kupita kwa agogo amene agwa kubafa. Mzinda sungathenso kungothamangitsa kampani lero, chifukwa mawa m'mawa anthu aimbabe 911, ndipo makampani otha kunyamula mzinda waukulu chonchi ndi owerengeka. Pokambirana, kampani imadziwa zimenezi.

N'chifukwa chake mu October 2023 San Diego inasintha. Tsopano nthambi ya ozimitsa moto ya mzinda ndiyo ikulamula kuti ambulansi zikhale zingati, ziime pati, ndipo mzinda ndiwo ukutolera ndalama. Makampani, Falck komanso AMR imene inabwereranso, akulipidwa pa ola lililonse limene aika ambulansi pamsewu. Dera la Contra Costa, ku California komweko, linayamba kale zofanana mu 2016. Kumbali yanga ndikuona kuti apa mpabwinoko, poti wosankha kuwonjezera ambulansi ndi amene mungamufunse ndi voti. Koma tisanamizane: anthu akalephera kulipira, dzenjelo tsopano ndi la mzinda, kutanthauza misonkho yanu.

Mukamva kuti akukambirananso, musatengeke ndi mtengo wokha. Funsani maola amene alonjezedwa, komanso ngati nthawi yofikira kwa wodwala akuiyeza dera ndi dera kapena mzinda wonse pamodzi. Akaphatikiza mzinda wonse, madera osauka ndi akutali amabisika m'chiwerengero chooneka bwino. Misonkhano ya khonsolo ndi yapoyera, mutha kukalankhulapo.

Za bilu munatchula zija: lamulo la dziko lonse loletsa mabilu odzidzimutsa, limene linayamba kugwira ntchito mu 2022, linasiya kunja ambulansi zapamsewu. California inapanga lake, AB 716, kuyambira January 2024. Ngati inshulansi yanu ili pansi pa malamulo a California, mukuyenera kulipira gawo lanu lokha la nthawi zonse, ngakhale kampani ya ambulansiyo isali pa mndandanda wa makampani amene inshulansiyo inagwirizana nawo. Inshulansi zina za kuntchito, zimene abwana amalipira okha ndalama za odwala, lamuloli silizikhudza, ndiye imbirani a inshulansi muwafunse kuti yanu ndi ya mtundu uti musanalipire kalikonse.