Tifunseni: Ndalemba za Matafale pa Wikipedia koma angofufuta

Akonzi, ine nyimbo zodzudzula boma ndimazikonda heve, ndiye nditaona kuti nkhani ya nyimbo zimenezi pa Wikipedia ya Chingerezi yangodzadza za ku America ndi ku Joni ndinati ndiikepo zakwathu. Ndinalemba kuti Evison Matafale anaphedwa chifukwa cha nyimbo zake, komanso kuti Soja Lucius Banda palibe womuposa mu Africa muno. Kutacha ndapeza wina wafufuta, ndabwezeretsa wafufutanso, bandulo ikungothera pomwepa. Si tsankho limeneli?
Wowerenga wa ku Area 25

Achimwene, mtima pansi kaye, tsankho palibe apa. Kumene kuja safunsa zomwe inu mukudziwa, amafuna muwonetse pomwe zinalembedwa, ndipo za pa Facebook kapena voisi ya pa WhatsApp sawerengera olo pang'ono.

Za Matafale zodziwika ndi zakuti anamwalira mu November 2001 ali m'manja mwa apolisi konkuno ku Lilongwe, ndipo chomwe anamumangira ndi makalata odzudzula boma la a Bakili Muluzi, osati nyimbo monga mwalembera inu. Lembani choncho, pansi pake muike nyuzipepala yomwe inalemba, tsiku lake ndi mutu wa nkhani. Mawu oti "anaphedwa" ndi olemera, ambirife mumtima timaganiza zathu inde, koma pamenepo muyenera kutchula amene ananena ndi nthawi yomwe ananena, kenako muikenso zomwe apolisi anayankha, owerenga aweruze okha.

Zoti Soja palibe womuposa, zimenezo ndi zokambirana pa bawo ku Nsungwi. Lembani zogwirika, monga zoti MBC inasiya kuwulutsa nyimbo zake nthawi ya a Bingu wa Mutharika, kapena zoti anamwalira pa 30 June 2024 ku South Africa. Musakopere mawu onse a nyimbo, ali ndi eni ake.

Chinanso, siyani zobwezerabwezerazo, mukapyola katatu pa maola 24 akhoza kukutsekerani akaunti. Dinani pa Talk (tsamba lokambirana) pamwamba pa nkhaniyo mumufunse mnzanu wofufutayo mwaulemu chomwe chavuta, dzina lake muliona pa View history, pomwe pamaonetsa onse amene anasintha nkhaniyo. Nyuzipepala zakale za Nation ndi Daily Times kafunseni ku National Library ku City Centre, zikakanika ndiye ku National Archives ku Zomba, mutenge kope ndi cholembera.