Geni ya ku Lusaka ndi nyimbo za m'galimoto

Alamu, mu uthenga wanu uja mwafunsa zinthu ziwiri: kuti geni yanga ya ku Lusaka imayenda bwanji, komanso kuti ndimapirira bwanji pa chiwongolero tsiku lathunthu osasinza. Ndiyambe ndi funso lachiwirilo, chifukwa ambiri olowa geniyi amangodandaula za mpamba, osadziwa kuti chimene chimatha anthu ndi msewu.

Kuchoka ku Lilongwe kukafika ku Lusaka ndi makilomita pafupifupi 700. Ine ndimanyamuka cha m'ma 4 koloko m'bandakucha, kudutsa pa Namitete ndi pa Kamwendo kudakali mdima, kuti kukamacha ndikhale ndili pa boda ya Mchinji. Ukawoloka, ndiye Chipata, Katete, Sinda, mphambano ya ku Petauke, Nyimba, mlatho wa Luangwa, Rufunsa, Chongwe, kenako Lusaka dzuwa litapendeka. Ulendo umenewu ndimauyenda kawiri pa mwezi, ndipo ndinauloweza moti bampu iliyonse ndimaidziwa pamene ili.

Vuto linayambira pa kuloweza komweko. Nditangogula ka Sienta kanga ndinapita kwa mnyamata wina wobana nyimbo pamsika, nandidzazira fulashi. Chaka chonse choyamba nyimbozo zinkalira mwa ndondomeko yake yomweyomweyo. Ndinafika podziwa kuti makwaya amathera pa Katete, kuti reggae ya ku Balaka imandiperekeza mpaka ku Nyimba, ndi kuti rhumba ikayamba ndiye kuti mapiri ayandikira. Msewu womwewo, nyimbo zomwezo, pa malo omwewo. Tsiku lina masana, nditadutsa pa Kacholola, pamene msewu umayamba kukhotakhota kutsikira ku Luangwa, ndinangodzidzimuka matayala a kumanzere akukukuta miyala ya m'mphepete, thiraki ya kumbuyo ikuliza hutala mosalekeza. Maso anali otsegula ndithu, pakamwa ndinkatsatira nyimbo, koma mutu unali utagona. Ndinaimika galimoto, miyendo ili njenjenje, ndipo ndinakhala pamwala pafupifupi theka la ola ndisanagwirenso chiwongolero.

Kuyambira tsiku limenelo ndimadina kabatani ka shuffle kuti wailesi izidzisankhira yokha nyimbo. Tsopano nyimbo ya maliro ikhoza kutha n'kubwera kalindula, kalindula n'kutsatana ndi manganje, manganje n'kugwera mu amapiano amene ana anandiikira osandiuza. Nyimbo ikamapita kumapeto mutu umafunsa kuti kaya kubwera iti, ndipo kafunso kameneko ndi kamene kamandigwira kuti ndisatayike. Nthawi zina zimakhudza mtima mosayembekezera. Ulendo wina ndikuwoloka mlatho wa Luangwa, madzi ali mbuu pansipo, inangotulukira nyimbo ya mvano imene malemu mayi ankakonda kuimba akamasinja. Ndinali ndisanaimve zaka, sindinkadziwanso kuti ili mu fulashimo. Ndinaibwereza katatu, misozi ili chuchuchu, mpaka ndinafika pa misasa ya amayi ogulitsa nsomba zouma ndi madengu.

Koma musamve ngati nyimbo ndi mankhwala a tulo, alamu. Ndikayasamula kachitatu ndimaima basi, kaya ndi pa Nyimba pogula nthochi, kaya ndi pamudzi uliwonse pamene pali anthu, n'kutsamira mpando mphindi makumi awiri. Ndipo usiku m'mapiri amenewo sindiyendamo.

Tsopano za geni. Ndikamayandikira pa boda wailesi ndimathimitsa, chifukwa apa pamafunika mutu wonse. Kuyambira mu Disembala 2022 boda ya Mchinji ndi Mwami inaphatikizidwa, moti popita umaima malo amodzi, n'kudinditsa pasipoti ndi kuonetsa katundu kwa a mayiko onse awiri pomwepo, osati kuima uku n'kukaimanso uko ngati kale. Galimoto nayo ili ndi zake: mapepala a umwini, chilolezo choti ilowe m'dziko la eni kwa kanthawi, inshulansi ya COMESA (bungwe la zamalonda la mayiko a chigawo chino cha Africa) imene timaitchula kuti Yellow Card, ndi timisonkho tina ta kumeneko. Mumsewu mulinso mageti olipiritsa, choncho muzikhala ndi makwacha a Zambia osinthasintha m'thumba la pafupi.

Chimene chimatithandiza ife a mpamba wochepa ndi dongosolo la COMESA lotchedwa Simplified Trade Regime, ife timangoti STR. Katundu wako akakhala wosapitirira madola 2,000 a ku America, ali pa mndandanda umene mayiko awiriwa anagwirizana, ndiponso analimidwa kapena kupangidwa m'dziko limene ukuchokeralo, sulipira msonkho wa kasitomu. Umalemba fomu yaifupi pa boda pomwepo, osafunika kulemba ganyu ejenti, ndipo pali desiki yothandiza amalonda ang'onoang'ono kulemba mafomuwo. Apa mumvetsetse bwino, chifukwa ambiri amapsa pamenepa. Nsapato, zikwama ndi zitenje zambiri zimene timaoda ku msika wa Kamwala mu Lusaka zimachokera ku China ndi mayiko ena akutali. Kuzigula mu Lusaka sikuzisandutsa za ku Zambia ayi, ndiye a MRA, otolera msonkho kwathu kuno, amazilipiritsa msonkho wonse. Ngakhale katundu wolowa pa STR, VAT imakhalapobe. Malisiti muzisunga onse, ngakhale ka lisiti kolembedwa pamanja, poti ukapanda umboni wa mtengo umene unagulira, a kasitomu amaika mtengo wawo.

Popita sindipita chimanjamanja. Ndimanyamula mpunga wa Kilombero, umene makasitomala anga ku Lusaka amaudziwa ndi fungo lokha, nthawi zina ndi usipa. Zakumunda ndi nsomba zimafuna zilolezo zake, ndipo boma limatha kutseka kutulutsa kapena kulowetsa mbewu ina nthawi iliyonse, choncho ndimafunsa kaye ndisanagule thumba ndi limodzi lomwe. Ubwino wonyamula katundu popita ndi wakuti ukagulitsa umakhala ndi makwacha a komweko, oodera katundu wobwerera naye, osadalira kwambiri osintha ndalama a pa boda. Anyamata amenewo ena ndi achilungamo, koma kuwerenga kwawo n'kwa liwiro. Ndalama uziwerenge wekha, kawiri, usanapereke zako.

Kusintha kwa ndalamaku ndi kumene kumadya phindu mwakachetechete. Mu Novembala 2023, kwacha yathu itagwetsedwa ndi 44 peresenti, ndinali nditabwereketsa katundu kwa makasitomala pa mtengo wakale. Pamene ankandilipira kumapeto kwa mwezi, ndalamazo sizikanathanso kuoda katundu wofanana ndi amene anatengayo. Kuyambira pamenepo mtengo ndimauika poyang'ana ndalama imene ndidzaodere ulendo wotsatira, ndipo ngongole yodutsa masabata awiri sindipereka, ngakhale kwa wachibale. Ndili ndi kope limene ndimalembamo zonse: mafuta, mageti, msonkho, malo ogona, nsima ya panjira, wonyamula katundu pamsika, ngakhale mayunitsi a foni. Mukapanda kulemba tinthu timeneti mudzaona ngati mukupindula, chonsecho mukudya mpamba.

Pobwerera galimoto imakhala yolemera, ndiye nyimbo ndimatsitsa kwambiri, makamaka pokwera mapiri kuchoka pa Luangwa. Khutu limodzi limamvera nyimbo, linalo limamvera galimoto. Ulendo wina ndinamva kaphokoso kachilendo pakati pa nyimbo ziwiri, pa kamphindi kaja kamene wailesi imakhala chete ikusankha ina. Nditaima ndinapeza tayala lakumbuyo latupa chibuthu m'mbali, likanaphulika pa mtsetse. Pa Chipata ndimadzaza thanki nthawi zonse, chifukwa kwathu kuno sudziwa ngati upeza mafuta kapena mzere.

Mwati mukufuna kuyamba ndi ndalama ya ku banki mkhonde. Ine ndikuti ulendo woyamba musatenge ngongole. Tiyeni tipitire limodzi, mukaone ndi maso anu mitengo ya ku Kamwala, muime nane pa desiki ya pa boda, mulembe m'kope lanu zonse zimene ndizilipira. Tikabwerako tidzakhale pansi n'kuwerengera ngati mpamba umene muli nawo ungabweze mafuta. Ndinyamuka Lachiwiri la sabata ya mawa. Onani kuti pasipoti yanu sinathe, mutenge juzi poti m'mawa ku Mchinji kumazizira, ndipo mundibweretsere nyimbo zanu makumi awiri zimene ine sindinazimvepo, tiziponye mu fulashi muja.